Mmene mungathandizire anthu a m'dera lanu TV ya analogi isanazimitsidwe

Tsiku limene mafunde a analogi azimitsidwa, munthu amangoyatsa TV yake madzulo monga mwa masiku onse n'kupeza sikirini yadzaza timadontho tophethira ngati mchenga, ikulira kuti shiii, nkhani palibe, mpira palibe. Ambiri amene zimawagwera amakhala kuti anamvapo za kusinthaku, kochoka pa kaulutsidwe kakale ka analogi kupita pa katsopano ka dijito, mwina kangapo konse. Ena anaganiza kuti ndi nkhani ya anthu a ma TV apamwamba. Ena anaopa kuti afunika kugula TV yatsopano ndiye anangoti zidzaoneka pomwepo. Enanso anagula ndithu dekoda, kabokosi kothandiza TV yakale kuonetsa matchanelo a dijito, koma ikadali m'katoni pamwamba pa kabati chifukwa palibe woti awalumikizire. Chilengezo cha pa wailesi chingabwerezedwe tsiku ndi tsiku, koma sichingalowe kuseri kwa TV ya munthu n'kukasomeka chingwe. Pamenepo pamafunika manja a mnansi. Malangizowa ndalembera inu amene mwadzipereka kuti anthu a kwanuko asadzatsale mumdima, makamaka okalamba ndi amene amakhala okha.

Yambani ndi kumvetsa nokha chimene chikusintha

Musanagogode pakhomo la munthu, dziwani zoti mukanene, ndipo muzidziwe m'mawu amene agogo anu angamve. Pa analogi, tchanelo chimodzi chimadya njira yonse ya mafunde chokhachokha. M'mayiko a ku Africa ndi ku Europe njirayi imakhala ya 8 MHz (MHz ndi muyezo wa mafunde) pa gulu la mafunde lotchedwa UHF, pamene ku America imakhala ya 6 MHz. Pa dijito, chithunzi ndi mawu zimasandutsidwa manambala n'kupanikizidwa, moti pa njira imodzi yomweyo pamadutsa matchanelo khumi kapena kuposa. N'chifukwa chake dziko likasamukira ku dijito matchanelo amachuluka, chithunzi chimayera, ndipo mafunde ena amatsala opanda ntchito. Otsalawo, makamaka a cha m'ma 700 ndi 800 MHz, mayiko ambiri anawapereka ku makampani a mafoni kuti azidutsitsirapo intaneti.

Nkhaniyi sinayambe dzulo. Mzinda wa Berlin, ku Germany, unazimitsa analogi mu Ogasiti 2003. Mu 2006 mayiko a ku Africa, Europe ndi Middle East anakumana ku Geneva pansi pa ITU, bungwe loona za mafunde ndi mtokoma pa dziko lonse, n'kugwirizana kuti pofika pa 17 Juni 2015 mafunde a analogi asiye kutetezedwa, kutanthauza kuti dziko lomwe likadali pa analogi silingadandaule ngati mafunde a dijito a dziko loyandikana nalo akusokoneza. Mayiko ena anapatsidwa mpaka 2020 pa gulu lina la mafunde lotchedwa VHF. Ambiri sanathe kumaliza pa nthawiyo, choncho pali madera amene ntchitoyi ikadali mkati.

Mfundo ziwiri muzisunge pamtima chifukwa muzibwereza khomo lililonse. Yoyamba: kusinthaku kukukhudza okhawo amene amaonera TV kudzera pa eriyo. Amene ali ndi dishi ya setilaiti kapena amaonera pa intaneti sizikuwakhudza, pokhapokha ngati ali ndi TV ina kuchipinda yomwe imadalira eriyo. Yachiwiri: TV yakale siikufunika kutayidwa. Ngakhale ya chimsana chachikulu ija, ikangolumikizidwa ku dekoda yoyenera, imaonetsa bwinobwino.

Funsani tsiku la dera lanu ndi mtundu wa dijito wa dziko lanu

Pitani kapena imbani ku bungwe loyang'anira mawailesi m'dziko lanu, kapena ku kampani imene imayendetsa nsanja zoulutsira. Mufunse zinthu izi: tsiku limene nsanja yotumikira dera lanu idzazimitse analogi, komwe nsanjayo ili, ngati mafunde a dijito ayamba kale kuulutsidwa, mtundu wa dekoda wovomerezeka, ndiponso ngati pali thandizo la anthu osowa. Zimene akuyankheni muzilembe, ndipo mutenge nambala ya foni imene anthu angaimbe akakhala ndi vuto.

Ndikunena za tsiku la dera lanu chifukwa mayiko ambiri sazimitsa paliponse nthawi imodzi. Britain inayambira ku tawuni ya Whitehaven mu Okutobala 2007 n'kudzamalizira ku Northern Ireland pa 24 Okutobala 2012, zaka zisanu, nsanja ndi nsanja. Tanzania inayamba ndi Dar es Salaam pa 31 Disembala 2012, mizinda ina n'kutsatira pambuyo. Munthu akamva kuti kwinakwake azimitsa kale koma kwawo TV ikuonetsabe, amayamba kuyesa kuti zonsezo n'zongoopseza.

Tsikulo likhoza kusunthidwa. America inalengeza 17 Febuluwale 2009 koma inadzazimitsa pa 12 Juni chaka chomwecho chifukwa mabanja ochuluka anali asanakonzeke. Japan inazimitsa pa 24 Julayi 2011, koma zigawo zitatu zimene zinasakazidwa ndi chivomezi cha mu Malichi chaka chimenecho, Iwate, Miyagi ndi Fukushima, zinapatsidwa mpaka kutha kwa Malichi 2012. Komabe inu musauze anthu kuti mwina adzasuntha. Gwirani ntchito ngati tsikulo ndi lomwelo, ndipo dziikireni malire anu mwezi wathunthu tsikulo lisanafike.

Za mtundu wa dijito musazitenge mopepuka, chifukwa ndi pamene anthu amatayira ndalama. Dziko lonse silinasankhe njira imodzi. Mayiko ambiri a ku Africa ndi Europe ali pa DVB-T2, kapena pa DVB-T yomwe ndi yakale. America, Canada, Mexico ndi South Korea ali pa ATSC. Japan, Brazil ndi mayiko ambiri a ku South America ali pa ISDB-T, pamene China ili ndi yake, DTMB. Ngakhale mayiko oyandikana akhoza kusiyana: a m'bungwe la SADC anagwirizana za DVB-T2 mu 2010, koma Botswana inasankha ISDB-T. Ndiye TV imene wachibale watumiza kuchokera kunja ikhoza kukhala ya dijito ndithu koma osakola kanthu kwanuko.

Pezani anzanu ochepa ndipo muphunzire pa TV yeniyeni

Anthu anayi kapena asanu ndi okwanira kuyamba. Pakhale mmodzi wozolowera zamagetsi, mmodzi amene okalamba a m'deralo amamudziwa ndi kumukhulupirira, ndi achinyamata a mphamvu zoyenda. Bwerekani TV yakale, dekoda imodzi ndi eriyo, muike patebulo, aliyense alumikize ndi kumasula mpaka azichita osayang'ana buku. Kenaka wina asokoneze dala, azule chingwe kapena asinthe batani, mnzake apeze vuto. Masana amodzi otere amaphunzitsa kuposa msonkhano wa tsiku lonse.

M'chikwama cha gulu mukhale dekoda yoyeserera, chingwe cha eriyo cha mamita angapo, mapulagi a eriyo apadera, zingwe za mitu itatu zija, yachikasu, yofiira ndi yoyera, chingwe cha HDMI, mabatire a limoti, sikuludiraiva, mpeni waung'ono, tepi, cholembera chachikulu ndi kope.

Yendani khomo ndi khomo

Misonkhano ndi zikwangwani zili ndi ntchito yake, ndipo ngati mungathe kuika TV ziwiri pamalo osonkhana anthu, ina ya analogi ina ya dijito, kuti adzionere okha kusiyana kwake, chitani. Koma amene amabwera ku misonkhano nthawi zambiri ndi omwe akanadzithandiza okha. Amene mukuwafuna ali m'nyumba: wokalamba wosayenda mtunda, wosamva bwino, wosaona bwino, wodwala, wosatha kuwerenga, mlendo wosadziwa chilankhulo cha zilengezo. Britain inali ndi ndondomeko yapadera yothandiza anthu a zaka 75 kupita m'tsogolo ndi olumala, yofika mpaka powalumikizira m'nyumba, chifukwa zinali zodziwikiratu kuti amenewa ndiwo angatsalire. Inunso yambirani kwa otere.

Muziyenda awiriawiri, masana, ndipo atsogoleri a deralo akhale atadziwitsa anthu kuti mukubwera ndiponso kuti simulipiritsa. Pakhomo lililonse funsani kuti m'nyumbamo muli TV zingati, iliyonse imalandira kudzera pa chiyani, ndipo ndani amene amaigwiritsa ntchito kwambiri. Funso la chiwerengero n'lofunika chifukwa TV iliyonse yakale imafuna dekoda yakeyake ngati anthu akufuna kuonera matchanelo osiyana.

Kenaka pemphani kuona kuseri kwa TV. Fufuzani pa chomata cha kumbuyo, m'buku lake, kapena pa katoni ngati palembedwa mtundu wa dijito wa dziko lanu, mwachitsanzo DVB-T2. Ngati buku linatayika, lowani mu Menu, pitani pofufuzira matchanelo, muone ngati pali mawu akuti Digital kapena DTV. TV yotere ingakhale yosafuna dekoda, imangofuna kufufuza matchanelo mwatsopano. Musanyengedwe ndi kupyapyala kwa TV kapena mawu akuti HD Ready, chifukwa amenewo akunena za sikirini, osati za chokolera mafunde cha mkati. Samalaninso ndi zilembo zofanana: DVB-S2 ndi ya setilaiti, DVB-C ndi ya chingwe cha kampani, ndipo chida cha DVB-T chokha sichingakole mafunde a DVB-T2.

Onaninso mabowo amene TV ili nawo. Ngati ili ndi atatu a mitundu aja, kapena HDMI, kapena SCART, bowo lalikulu la timabowo tambiri, zili bwino. TV zakale kwambiri zimakhala ndi bowo la eriyo lokha. Zimenezi zimafuna dekoda yokhala ndi potulutsira chithunzi pa chingwe cha eriyo, kapena kachida kena kotchedwa RF modulator, kothandiza kuti chithunzi cha dekoda chilowere pa bowo la eriyo. Lembani zimenezi m'kope kuti banjalo lisadzagule chinthu chosalowa pa TV yawo.

Athandizeni pogula

Lembani pa kapepala zimene banjalo likufunika, m'zilembo zikuluzikulu, kuti akangofika m'sitolo aonetse wogulitsa. Auzeni kuti afune chizindikiro cha bungwe loyang'anira mawailesi ngati dziko lanu lili nacho, apemphe kuti dekodayo iyatsidwe iwo akuona, ndipo atenge lisiti.

Afotokozereninso kusiyana kwa dekoda ya matchanelo aulere ndi ya kampani yolipiritsa mwezi ndi mwezi. Zonse ziwiri zimagwira pa eriyo, zimaonekanso zofanana, koma yachiwiriyo mwezi ukatha osalipira matchanelo ambiri amatsekedwa. Palibe cholakwika munthu kusankha yolipira ngati akudziwa chimene wasankha. Chimene chimandiwawa ndi kuona wokalamba wodalira kandalama kochepa atalowetsedwa m'ngongole ya mwezi ndi mwezi pamene iye amangofuna kumva nkhani za madzulo.

Ngati boma likupereka thandizo, musangouza anthu kuti thandizo lilipo, athandizeni kulembetsa, ndipo achite msanga. Ku America banja lililonse linkatha kupempha makuponi awiri ogulira dekoda, iliyonse ya madola 40, koma kuponiyo inkatha mphamvu pakapita masiku 90, ndipo kumayambiriro kwa 2009 ndalama za ndondomekoyi zinafika pa malire ake moti opempha ankangoikidwa pa mndandanda wodikira. Ochedwa ndi amene anavutika.

Kulumikiza

Zimitsani TV ndipo muzule pa soketi. Zulani chingwe cha eriyo kuseri kwa TV, muchisomeke pa dekoda pa bowo lolembedwa ANT IN kapena RF IN. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amasiya eriyo pa TV n'kumadabwa kuti dekoda siikukola kanthu. Tengani chingwe cha mitu itatu, musomeke mutu uliwonse pa bowo la mtundu wake, mbali ina pa dekoda, ina pa TV. Wachikasu ndi wa chithunzi, wofiira ndi woyera ndi ya mawu. Pa TV muonetsetse kuti mwasomeka polembedwa IN, chifukwa zina zimakhalanso ndi mabowo a OUT pambali pomwepo. Ngati zida zonse ziwiri zili ndi HDMI, gwiritsani ntchito imeneyo, chingwe chimodzi chimanyamula zonse ndipo chithunzi chimayera kwambiri.

Tsopano yatsani zonse. Pa limoti ya TV dinani batani la AV, Source kapena Input mpaka chithunzi cha dekoda chioneke. Kuyambira apa gwiritsani limoti ya dekoda. Sankhani dziko lanu ngati ikufunsa, sankhani chilankhulo, kenaka Auto Scan kapena Auto Search. Isiyeni imalize yokha, zimatenga mphindi zochepa, ndipo musadine kanthu mkati mwake. Ikamaliza werengani matchanelo amene yapeza n'kuyerekeza ndi amene bungwe lija linakuuzani.

Dekoda isaikidwe pansi pa nsalu kapena pamwamba penipeni pa TV yakale pomwe pamatuluka kutentha. Ikhale poti mpweya uzidutsa, ndipo kutsogolo kwake kuzioneka kuchokera pa mpando umene mwini nyumba amakhala. Kwa amene amagwiritsa ntchito sola kapena batire, werengani pa adapita mphamvu imene dekodayo imafuna musanailumikize molunjika.

Eriyo ndi chingwe chake

Apa ndi pamene pamagona ntchito yambiri, ndipo ndi pamene muyenera kudekha. Analogi inali yopirira. Siginolo ikafooka chithunzi chimachita mchenga, anthu kuoneka awiriawiri, koma mumatha kuonerabe mpira mpaka kutha. Dijito ilibe zapakatikati. Siginolo ikakwanira chithunzi chimayera mbee, ikatsika pang'ono kupitirira malire chimasweka timabokosi, mawu kudukaduka, kenaka n'kuzimiratu. Choncho nyumba imene inkaonera movutikira pa analogi ndi imene muyenera kuikayikira kwambiri.

Pafupifupi dekoda iliyonse imaonetsa mizere iwiri mukadina Info kapena mukalowa pofufuzira pamanja: Strength, mphamvu ya siginolo, ndi Quality, kuyera kwake. Wofunika kwambiri ndi wachiwiriwo. Mphamvu ikhoza kukhala pamwamba koma ngati siginolo yadzaza zosokoneza, chithunzi chiziswekabe. Mmodzi akhale pa TV kuwerenga mizereyo mokweza, wina panja akutembenuza eriyo pang'onopang'ono kulozetsa kumene kuli nsanja. Tembenuzani pang'ono, imani, werengani mpaka faivi, chifukwa dekoda imachedwa kuonetsa kusintha. Mukapeza pabwino musakhutire ndi chithunzi chongoonekako, pitirizani mpaka mzere wa Quality ukwere kwambiri, kuti tsiku la mvula kapena mphepo pakhale potsikira.

Yang'anani mmene maeriyo a anansi amene akukola bwino akhalira. Tizitsulo ta eriyo timayenera kugona kapena kuimirira mogwirizana ndi mmene nsanja ikuulutsira, ndipo mukalakwitsa pamenepa siginolo imatsika kwambiri ngakhale mwalozetsa koyenera. Kutalika kumathandizanso: kukweza mlongoti mita imodzi kapena iwiri kuti eriyo ipitirire denga la mnansi kapena mtengo nthawi zina kumathetsa vuto lonse. Eriyo ya m'nyumba, ya nyanga ziwiri ija, imagwira kwa amene ali pafupi ndi nsanja, ndipo ikhale pa windo loyang'ana kumeneko, kutali ndi zitsulo. Ngati eriyo yakale inali ya VHF yokha, ya tizitsulo titalititali, pamene dijito ya kwanuko ili pa UHF, imeneyo iyenera kusinthidwa.

Koma musanauze munthu kuti agule eriyo ina, onani chingwe. Ndinafikapo pa nyumba ya gogo wina amene mdzukulu wake anamulumikizira dekoda n'kubwerera kumene amagwira ntchito. Pa sikirini panangolembedwa kuti No Signal, ndipo patapita masiku gogoyo anaphimba TV ndi nsalu. Anandiuza kuti, "Mwanangu, musavutike, anthu anena kuti TV zakalezi zatha ntchito." Nditamasula pulagi ya eriyo ndinapeza kuti kawaya kamodzi ka ulusi wa timawaya umene umazungulira m'kati mwa chingwe, kochepa ngati tsitsi, kanapindika n'kukhudza waya wa mkuwa wa pakati. Ndinadula kansonga ka chingwecho, kusenda mwatsopano, kubweza ulusiwo kumbuyo kuti usayandikire wa pakati, n'kumanganso pulagi. Matchanelo analowa onse. Ndinati, "Agogo, TV yanu ilibe vuto lililonse," ndipo iwo anapinda nsalu ija n'kukhala pansi osanena kanthu, maso ali pa sikirini.

Ndiye tsatani chingwe kuyambira pa dekoda mpaka pa eriyo. Fufuzani pamene chaphwanyidwa ndi chitseko kapena windo, pamene chinalumikizidwa mongopota ndi tepi, pamene khungu lake lang'ambika ndi dzuwa. Pa eriyo penipeni tsegulani kabokosi kolumikizira muone ngati mwalowa madzi kapena mwachita dzimbiri lobiriwira. Chingwe chimene chamwa madzi sichikonzeka, chimangofunika china, cha mtundu wa coaxial wa 75 ohm, chosadukiza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chisanalowe m'nyumba chipindeni chitsike pang'ono kenaka chikwere, kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo motsata chingwe mpaka mu dekoda.

Za busita, kachida kokweza siginolo, ndinene mosabisa kuti anthu amakathamangira msanga. Busita imakweza zonse zimene yalandira, zabwino ndi zosokoneza zomwe. Imathandiza ngati chingwe ndi chachitali kapena eriyo imodzi ikudyetsa TV zingapo, koma singakonze eriyo yolozetsedwa kolakwika, ndipo pafupi ndi nsanja ikhoza kuchulutsa siginolo mpaka dekoda kulephera. Kwa amene ali pafupi ndi nsanja ya mafoni, chimene chingathandize ndi kasefa kotchinga mafunde a 4G.

Pa zokwera padenga musachite zamwayi. Musakwere kukugwa mvula, kukuchita mphezi kapena denga lili lonyowa. Makwerero agwiridwe ndi munthu wina. Mlongoti utalikirane ndi mawaya a magetsi kotero kuti ngakhale utagwa usawafike. Ngati denga ndi lalitali kapena lofooka, itanani mmisiri, ndipo ana musawatume pamwamba ngakhale atakhala opepuka chotani.

Musachoke mwini nyumba asanayatse yekha

Chithunzi chikaoneka mtima umafuna kunyamula chikwama n'kupita pa nyumba ina. Dikirani. Zimitsani zonse, mupereke malimoti kwa mwini wake, ayatse yekha inu manja ali kumbuyo. Abwereze kawiri kapena katatu.

Vuto limene lidzakuitanitsani kwambiri ndi la malimoti awiri. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akusintha tchanelo ndi limoti ya TV adzaitolabe mosaganiza, adzadina batani la tchanelo, TV n'kuchoka pa AV kubwerera ku analogi yomwe kulibe kanthu, iye n'kuyesa kuti dekoda yafa. Njira yake ndi yosavuta. Matani tepi pa mabatani a tchanelo a limoti ya TV, musiye loyatsira ndi la AV. Pa limoti ya dekoda ikani chizindikiro chooneka kapena chomveka m'manja kwa amene saona bwino. Kwezani mawu a TV pa mlingo wabwino kamodzi, kuti kukweza ndi kutsitsa kuzichitikira pa limoti ya dekoda. Kenaka lembani papepala m'chilankhulo chawo mizere itatu yokha: yatsani TV, yatsani dekoda, mukaona mchenga dinani AV. Pansi pake nambala ya foni ya mmodzi wa inu. Matani pepalalo pambali pa TV.

Aonetseninso zabwino zimene dijito yabweretsa, ngati mawailesi a kwanuko akuzipereka: mawu olembedwa pansi pa chithunzi kwa amene samva bwino, ndondomeko ya mapulogalamu pa batani la EPG kapena Guide, ndi mawailesi omvera amene amabwera limodzi ndi matchanelo. Ngati m'nyumbamo muli mwana wa sukulu wochangamuka, muphunzitseni kufufuza matchanelo, adzakupulumutsani maulendo ambiri.

Achenjezeni za akathyali

Nthawi ya kusintha kotere kumatuluka anthu oyenda m'makomo kumanena kuti atumidwa ndi boma kudzatolera ndalama yolembetsera, kapena kuti TV yakale ikhala yoletsedwa ndiye aigule motchipa, kapena kugulitsa chimene akuchitcha eriyo ya dijito pa mtengo wokwera. Eriyo ndi chitsulo chokola mafunde basi, siidziwa ngati mafundewo anyamula analogi kapena dijito. Yakale ya UHF ikakhala yabwino imagwira. Uzani anthu kuti asapereke ndalama pakhomo kwa munthu amene sanamuitane, ndipo akakayikira aimbe nambala ija.

Tsiku lozimitsa ndi masiku otsatira

Kutatsala sabata imodzi, tsegulani kope lanu muone nyumba zimene zinatsala ndi vuto, mubwerereko. Pa tsiku lenilenilo gulu lonse likhale lopezeka, mafoni atatchajidwa, wina akhale pamalo odziwika ndi dekoda yoyeserera, ena aziyenda.

Yembekezerani kuti ngakhale nyumba zimene munazikonza bwino zikhoza kutaya matchanelo tsiku limeneli. Analogi ikazimitsidwa, matchanelo a dijito nthawi zambiri amasamutsidwira pa mafunde ena ndipo mphamvu ya nsanja imakwezedwa. Ku Britain madera ambiri anazimitsa m'magawo awiri, kuyamba ndi tchanelo cha BBC Two kenaka matchanelo otsalawo patapita masabata, moti anthu ankafunika kufufuza matchanelo kawiri. Choncho munthu akaimba kuti zasowa, yambani ndi kumuuza kuti achitenso Auto Scan. Zikakanika, abweze dekoda mmene inabwerera kuchokera ku fakitale, pa Factory Reset, kuti iiwale mndandanda wakale, kenaka afufuzenso. Ubwino wake ndi wakuti nyumba zina zakutali zimene zinkalephera kukola dijito poyamba zimayamba kukola mphamvu ikakwezedwa, ndiye musanauze munthu kuti agule eriyo yodula chifukwa cha siginolo yoperewera pang'ono, funsani kaye ngati nsanja ya kwanuko idzawonjezeredwe mphamvu.

Padzakhala nyumba zina, za kuseri kwa phiri kapena m'chigwa, zimene sizidzakola ngakhale mutachita zonse. Zimenezi muzilembe bwino, malo ake ndi zimene mwayesa, mukapereke ku bungwe loyang'anira mawailesi. Malipoti otere ndi amene amathandiza akuluakulu kudziwa pofunika kansanja kothandizira kapena poyenera kupatsa anthu njira ya setilaiti.

Ena adzagulabe TV zatsopano n'kufuna kutaya zakale. TV ya chimsana ija ili ndi mtovu m'galasi lake, ndipo imasunga magetsi mkati ngakhale itazulidwa pa soketi, choncho isaswedwe, isatenthedwe, isatayidwe kudzala kumene ana amasewera. Ngati ikugwira ntchito, ipezereni banja lomwe lilibe, muilumikize ku dekoda. Ngati inafa, funsani ku khonsolo ya dera lanu kumene amalandira zinyalala za zida zamagetsi, ndipo muzisonkhanitse pamodzi kuti zikapite ulendo umodzi.

Pakatha masabata awiri yendaninso kwa okalamba ndi okhala okha aja, ngakhale sanaimbe. Ambiri mwa iwo saimba, amaopa kuvutitsa. Mukalowa, pemphani kuti akuyatsireni TV, muone limoti imene atole.